Ka mtedza kojambula pa pepala kasamatinamize

Sabata yapitayi ndinagona kwa achemwali anga ku Area 25, ndiye m'mawa wake kunali kuthamangathamanga kwa masiku onse kuja, magetsi athima, makala anyowa ndi mvula ya usiku, mwana wachedwa ku sukulu, basi achemwali anangopisa mu chikwama chawo nkutulutsa chokoleti chija chokhala ndi mtedza mkati nkumuponyera mwana mu kachikwama ka mabuku amvekere "udye pa buleki, ukhuta". Ine ndinati achemwali, nanga phala? Iwo akumanga chitenje anangoti "iwe, muli mtedza mmenemo, si akuchipatala omwewo amati tiziwadyetsa ana mtedza?"

Mawu amenewo sanandichoke m'mutu tsiku lonse. Achemwali anga si munthu wosasamala ayi, mwana uja amamukonda kuposa chilichonse ndipo chokoleticho anagula ndi ndalama yoti akanatha kugulira ndiwo za tsiku limenelo. Anachita zimenezo poganiza kuti akumupatsa mwana chinthu chabwino, chapamwamba, chomanga thupi. Ndiye chikundiwawa ine nchakuti si iwo okha, tilipo ambiri amene tikangoona ka mtedza kojambula bwino pa pepala lonyezimira timangoti basi ichi ndi chakudya. Si chakudya abale anga. Ndi switi. Switi yokoma ndithu, yoti ukaluma umatsinzina, koma switi basi, ndipo tiziyiwerengera pa maswiti osati pa zakudya.

Masana ake ndinalowa mu shopu ina ndikugula chimodzi, ndinafika nacho kunyumba nkuchiika pa sosa nkuyamba kuchiphwanya ndi mpeni pang'onopang'ono kuti ndione mtedza umene tikuunenawo ulipo wochuluka bwanji. Pamwamba chokoleti, pansi pake chinthu chomata chabulauni chija chimatamuka ngati ulimbo, chimenecho ndi shuga wosungunula, pansi penipeni china choyererako chofewa, nachonso shuga wopuntha ndi zina. Mtedza ndinautola umodziumodzi, zala zonse zikumata, ndipo nditaunjika pambali unangokwana timbewu khumi ndi tingapo, tambiri tobenthuka pakati. Sunadzaze ndi chikhatho cha mwana chomwe. Mtedza umenewo kwathu ku Mchinji ndi umene umagwa pansi agogo akamapeta, woti nkhuku zitole.

Tiyeni tione manambala, chifukwa alembedwa kuseri kwa pepala lomwelo koma ndi tizilembo ting'onoting'ono toti ambiri sitiwerenga. Titenge Snickers poti ndi chodziwika dziko lonse, kampani ya Mars ya ku America inayamba kuchipanga mu 1930 ndipo mpaka lero chikugulidwabe kwambiri. Chimodzi cha saizi ya masiku onse chimalemera magalamu pafupifupi 50. Mmenemo muli makalori (muyezo wa mphamvu ya mu chakudya) pafupifupi 240 kapena 250, mafuta magalamu pafupifupi 12, zomanga thupi magalamu 4 okha, koma shuga magalamu oposa 20, kwina mpaka 27 kapena 28 malingana ndi dziko limene chapangidwa. Ndiye kuti pafupifupi theka la chinthu chonsecho ndi shuga. Mtedza sufika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Magalamu amavuta kuwaona m'maso nde tiyese ndi supuni ya tiyi. Supuni yaing'ono imodzi ya shuga ndi magalamu pafupifupi 4. Ndiye chokoleti chimodzi ndi masupuni asanu, asanu ndi limodzi, pena asanu ndi awiri. Tandiuzani, alipo mayi amene angaone mwana wake akuthira masupuni asanu ndi limodzi a shuga mu kapu imodzi ya tiyi nkungokhala chete? Tonse timakuwa, iwe ukufuna utimalizire shuga, mano awola amenewo! Koma shuga yemweyo akabwera atakulungidwa mu pepala lokongola timamupatsa tokha ndi manja athu nkumamwetulira.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2015 kuti shuga wothira mu zakudya ndi zakumwa asamapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zonse zimene munthu amapeza mu chakudya pa tsiku, kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50, ndipo anati zingakhale bwino koposa atatsika kufika pa magalamu 25. Ameneyo ndi munthu wamkulu. Mwana wa Sitandade 2 thupi lake ndi laling'ono, muyezo wake ndi wocheperapo. Nde taganizani wamwa kale tiyi wa shuga m'mawa, pa buleki chokoleti, poweruka wagula freezes pa geti, madzulo mwabwera alendo wamwako zoziziritsa kukhosi zimene botolo limodzi laling'ono shuga wake amatha kukwana magalamu 30. Tsiku limodzi lokha limenelo. Kenako tizidabwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akulira dzino usiku wonse, mano akutsogolo atada ngati apsa.

Za zomanga thupi zija, magalamu 4, dzira limodzi lowiritsa lili ndi magalamu 6. Dzira limodzi basi likuposa chokoleti chonsecho, ndipo mtengo wake simungafanizire.

Pali chinthu china chimene ndimafuna aliyense atachidziwa chifukwa chimathandiza pa chakudya chilichonse cha mu paketi. Pa mndandanda wa zinthu zimene aikamo, amayamba kulemba chimene chachuluka kwambiri nkumatsika mpaka chochepetsetsa. Ndiye mukatembenuza pepala nkuona kuti koyambirira kuli shuga, kapena chokoleti chimene nachonso chimayamba ndi shuga, kenako pakubweranso glucose syrup amene ndi shuga wamadzi, dziwani kuti mwagula shuga. Opanga sakunama, zonse analemba. Kungoti kutsogolo amaika mtedza waukulu wonenepa bwino, kuseri nkumene kuli nkhani yeniyeni, ndipo amadziwa kuti munthu ali pa mzere wa pa tilu mwana akumukoka chitenje satembenuza pepala.

Komanso mayina ndi malonda ake amakankhira komweko. Abale athu akamachokera ku Joni amakonda kutibweretsera Lunch Bar ya Cadbury, nayonso ili ndi mtedza mkati, ndipo dzina lenilenilo likunena za chakudya cha masana. Malonda a Snickers kwa zaka zambiri akhala akunena za njala, zoti ukamva njala udye chimenechi. Kumayiko kwawoko mwina munthu amadziwa kuti awa ndi malonda chabe, wadya kale bwino m'mawa ndipo adyanso bwino madzulo. Koma kuno uthenga umenewo ukufika pa mwana amene mwina chimenecho ndiye chinthu chokhacho alowetse m'mimba kuyambira m'mawa mpaka 2 koloko. Shuga amalowa m'magazi mwachangu, mwana amachangamuka kwa kanthawi, kenako mphamvu ija imatsika ndipo njala imabwerera, ali m'kalasi akuwodzera aphunzitsi akulemba pa bolodi. Mtedza wochepa uja ndi mafuta zimachedwetsako pang'ono, ndikuvomera, nchifukwa chake chokoleti cha mtedza chimagwirako m'mimba kuposa switi wamba. Koma kuposa switi wamba si chiyeso choyesera chakudya cha mwana.

Tsopano tengani magalamu 50 omwewo koma a mtedza weniweni wokazinga, uja timagula pa depoti mu timapepala kapena kukazinga tokha pa chiwaya nkuwaza timadzi ta mchere. Zomanga thupi magalamu pafupifupi 13, katatu kuposa chokoleti chija. Shuga wake wachilengedwe magalamu awiri kapena kuposerapo pang'ono. Muli zija zimathandiza kuti m'mimba muziyenda bwino, muli vitamini E, muli magnesium, muli niacin. Ndinene chilungamo, makalori ake ndi ochuluka kuposa a chokoleti, pafupifupi 280, chifukwa theka la mtedza ndi mafuta, ndiye munthu amene akufuna kuchepetsa thupi asamalize mbale yonse akuonera mpira. Koma mafuta ake ambiri ndi amene sapweteka mtima, ndipo m'dziko limene kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, mphamvu yobwera pamodzi ndi zomanga thupi ndi imene tikuifuna.

Niacin ameneyu, amene ndi mtundu wa vitamini, ndiimepo kaye chifukwa ali ndi mbiri yake pa dziko lathu lino yoti achinyamata ambiri sakuidziwa. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique abale athu ochuluka zedi, pafupifupi miliyoni, anathawira kuno nkukhala m'maboma a m'malire monga Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Chakudya chimene amalandira chinali ufa wa chimanga, nyemba, mafuta ndi mtedza. Ndiye inafika nthawi mtedza unasiya kubwera kwa miyezi ingapo. Mu 1990 anthu oposa 18,000 anadwala pellagra, matenda obwera chifukwa chosowa niacin, khungu limada nkumasweka ngati lapsa ndi moto makamaka m'khosi ndi m'manja mmene mumawomba dzuwa, munthu amatsegula m'mimba, zikafika poipa mutu umasokonekera. Chimanga chili ndi niacin koma womangika moti thupi limalephera kumutenga bwino, nde munthu wodalira nsima yokhayokha ali pa chiopsezo, ndipo chimene chimawatchinjiriza anthu aja nthawi yonseyo chinali ka mtedza kaja. Utangochoka matenda anabuka. Ndikamaganiza zimenezi ndimaona kuti amayi athu potendera nkhwani, potendera bonongwe ndi chisoso, pothira nsinjiro mu phala la mgaiwa, pophika futali wa mbatata, amachita zinthu zakuya kwambiri zoti sanaphunzire m'buku lililonse. Nsima ndi ndiwo zotendera zimakwanirana, chimene china chikusowa chinzake chimabweretsa.

Ndiye pali chiponde cha kuchipatala, chija amapatsa ana onyentchera. Apa ndikudziwa kuti wina anena kuti nanga si chiponde chimenecho nachonso ndi mtedza ndi shuga ndi mafuta, chikusiyana pati ndi chokoleti? Funso labwino ndipo ndisalithawe. Zoona muli shuga, wambiri ndithu. Chinayambira ku France cha m'ma 1996, dokotala wina dzina lake André Briend pamodzi ndi kampani ya Nutriset ndi amene anachipanga nkuchitcha Plumpy'Nut, ndipo nzeru yake akuti anaitengera pa botolo la Nutella, chopaka pa buledi chija. Koma kumene chinayesedwa kwambiri nkuoneka kuti chikugwira ntchito ana akudyera kunyumba osagonekedwa m'chipatala ndi konkuno, ku Blantyre ndi madera ozungulira, kumene dokotala wa ku America Mark Manary ndi anzake a Chimalawi anayamba kuchiyesa cha m'ma 2001, kenako nkuyambitsa Project Peanut Butter yopanga chiponde ndi mtedza wathu womwe. Pofika 2007 mabungwe a WHO, UNICEF ndi WFP anavomereza njira imeneyi kuti igwiritsidwe ntchito padziko lonse. Ka paketi kamodzi kamalemera magalamu 92 ndipo kali ndi makalori 500. Mkati muli mtedza wopera, mkaka waufa, mafuta, shuga, komanso mavitamini ndi michere yoyezedwa bwinobwino malinga ndi zimene thupi la mwana wonyentchera kwambiri likusowa. Mulibe madzi ndiye tizilombo sitiswana, sichifuna kuphika, mayi amangong'amba pakona mwana nkumayamwa.

Shuga wa mmenemo ali ndi ntchito, mwana amene watsala mafupa okhaokha m'mimba mwake simulowa chakudya chambiri nde pafunika mphamvu yochuluka mu kanthu kochepa, komanso kakome kuti alandire poti ana otere safuna kudya. Ndi mankhwala amenewo, a masabata owerengeka, olembedwa ndi achipatala atamuyeza mwana pa mkono ndi pa sikelo. Nchifukwa chake zimandipweteka ndikamva zoti ena amachigulitsa mobisa m'misika kapena akuluakulu m'nyumba akupaka pa buledi, kumeneko ndi kumulanda mwana wodwala mankhwala ake. Chokoleti chilibe mavitamini oyezedwa amenewo, sichinapangidwe kuti chichiritse aliyense, chinapangidwa kuti chikome ndipo ugulenso china mawa. Zinthu ziwiri zimenezi zangofanana poti zonse muli mtedza, ngati mmene thobwa ndi kachasu zonse zingachokere ku chimanga.

Koma taonani pamene tafika. Mtedza wa alimi a ku Mchinji, Kasungu, Dowa, Ntchisi ndi Lilongwe, Chalimbana uja wa mbewu zikuluzikulu, CG7 wofiira uja wamafuta, ndi umene ukudzutsa ana amene anatsala pang'ono kutisiya, dziko lonse linaphunzira kuchokera kuno, koma ife eni ake mwana akatenga mtedza wokazinga ku sukulu ya m'tauni anzake amamuseka kuti wabweretsa zakumudzi. Mwana wa achemwali anandiuza yekha kuti "anti, anzanga amabweretsa za mu shopu, ine ndikatenga mbatata ndimakadyera kuseri kwa kalasi". Ndinamva chisoni kwambiri. Nkhaniyi si ya makalori okha ayi, ndi ya manyazi amene tawaphunzitsa ana athu, zoti chinthu chikakhala mu pepala lolembedwa Chingerezi ndiye chapamwamba, chikachokera pa lichero la agogo ndiye cha amphawi. Ndipo manyazi amenewo sanawatole okha, anawaona kwa ife akulu tikamabisa chimanga chokazinga alendo akabwera nkuthamangira ku golosale kukagula mabisiketi pa ngongole.

Wina anenanso kuti mtedza wathuwu uli ndi vuto la chuku. Zoona zimenezo, ndipo sindingalembe nkhani yotamanda mtedza nkubisa zimenezi chifukwa ndikhala ndikukupwetekani. Chuku chimene chimamera pa mtedza wosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, saoneka ndi maso nthawi zonse, kukazinga kapena kuphika sikumamuthetsa, ndipo akamalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, komanso akatswiri amamuganizira kuti amathandizira kupinimbira kwa ana. Kale dziko lathu limagulitsa mtedza wambiri ku Ulaya kudzera ku ADMARC, msika umenewo unatitayika ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chuku chomwechi poti malamulo a kumeneko ndi okhwima kwambiri. Makampani akuluakulu opanga chokoleti amayeza mtedza wawo asanaugwiritse ntchito, pamenepo ndiye amatiposa ndipo tivomereze.

Koma yankho lake si kuthawira ku chokoleti, yankho ndi kusiya zizolowezi zimene tonse tikuzidziwa. Kuwaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe tiswe msanga, kapena kuti ulemere pa sikelo ya venda. Kuuyanika pa dothi penipeni. Kuulongedza m'matumba usanaume nkuunjika pakona ya nyumba yodontha. Alangizi akhala akuphunzitsa kaumitsidwe kabwino kounjika mitengo ya mtedza mozungulira mpweya uzidutsa pakati, ku malo ofufuzira za ulimi a Chitedze akhala akufufuza za mbewu ndi kasamalidwe kake kwa zaka zambiri, nzeru zilipo. Ndipo chizolowezi choipitsitsa ndi ichi, ndinachiona ndi maso anga ndikukula: posankha mtedza, wabwino wonse wonenepa umapita ku msika, wonyala, wakuda, wobooka ndi wowawa uja umatsala pa lichero nkunena kuti uwu tisinja nsinjiro za pakhomo. Ndiye kuti poizoni yense tamusonkhanitsa pamodzi nkumuthira mu phala la mwana wathu yemwe. Mtedza woola ndi wotaya, osapatsa ndi nkhuku zomwe kapena ng'ombe ya mkaka. Ukaluma mbewu nkumva kuwawa kwachilendo lavula. Ndipo ngati mukugula nsinjiro zosinjasinja kale pa msika simungadziwe kuti anasinja mtedza wotani, bola kugula mtedza wathunthu, kusankha nokha pa lichero nkusinja nokha, ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Maswiti a mtedza opanga pakhomo aja amagulitsidwa pa geti la sukulu ndi m'ma depoti, osungunula shuga mu poto mpaka afiire nkuthiramo mtedza nkudula timabanzi, amenewo nawonso ndi switi, ngakhale kunena zoona ambiri mtedza wake umakhala wochuluka kuposa wa mu chokoleti cha mu shopu, umachita kuoneka wothithikana. Amayi opanga zimenezi akupezera ana awo fizi ndipo ine sindingawanyoze, pempho langa kwa iwo ndi lomwelo la kusankha mtedza, asamagule wotsika mtengo wotsalira poti shuga abisa kuwawa. Chiponde cha m'mabotolo nachonso tembenuzani muwerenge, china ndi mtedza ndi mchere basi, china anathiramo shuga ndi mafuta ena owonjezera.

Pa nkhani ya ndalama ndingodutsapo mwachangu poti aliyense akuziona yekha. Chokoleti chotere sitipanga kuno, chimachokera kunja, chimalowa ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazi, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zinthu zoterezi inangokwera osabwereranso. Ndalama ya chimodzi mutapita nayo pa msika nthawi yokolola mubwerako ndi mtedza woti mwana atenge ku sukulu masiku angapo. Mlimi wa ku Kamwendo amagulitsa mtedza wake motchipa kwa venda, ife m'tauni nkumagula timbewu khumi ndi tingapo ta mtedza wa dziko lina pa mtengo wa ndiwo za banja lonse.

Musandimve molakwa ngati ndikuti chokoleti ndi tchimo. Ine ndimadya, ndipo mwana akakhoza mayeso kapena pa tsiku lake lobadwa kapena malume abwera kuchokera ku Joni, adye asangalale, ubwana umakoma ndi tinthu totere. Munthu woyenda ulendo wautali pa njinga kapena amene shuga wamutsikira mwadzidzidzi, kanthu kotsekemera kamamuthandiza pa nthawi imeneyo. Chimene ndikukana ndi kuchisandutsa kadzutsa, kuchiika mu chikwama cha mwana tsiku ndi tsiku mtima uli mmalo kuti wadya za gulu la nyemba. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsidwa ku sikelo ya ana, mtedza uli pa gulu la nyemba, eya, koma chokoleti cha mtedza sichilowa pamenepo, ngati mmene bisiketi ya kirimu wa sitiroberi singalowe pa gulu la zipatso. Komanso matenda a shuga ndi BP amene kale timati ndi a mabwana lero ali m'nyumba zathu zomwe, pitani ku chipatala chilichonse tsiku la kiliniki yake mukaone mzere. Sindikunena kuti chokoleti chimodzi chimadwalitsa munthu shuga, zifukwa zake ndi zambiri, zina za kumtundu, zina za kunenepa ndi kusayenda. Koma lilime limazolowera zimene laphunzitsidwa lili laling'ono, mwana amene wakula chilichonse chili chotsekemera adzavutika kwambiri tsiku limene adokotala adzamuuze kuti asiye.

Kwa amene muli ndi ana ang'ono kwambiri, osakwana zaka zisanu, mtedza wathunthu musawapatse chifukwa umatha kuwatsamwa nkulowa njira ya mpweya, apatseni wosinja mu phala kapena mu ndiwo. Ndipo alipo ana ena ochepa amene thupi lawo limadana ndi mtedza, akadya amatupa milomo, kutuluka zidzolo kapena kubanika, ameneyo thamangani naye ku chipatala ndipo asadyenso, kaya wa pa lichero kaya wa mu chokoleti.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinabwerera kwa achemwali nditanyamula sosa ija mu jumbo, timbewu tija pambali, phala la shuga lija pambali, ndinangoika pa tebulo. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu kenako amvekere "mtedza wake ndi womwewu basi?" Ndinati ndi womwewo achemwali. Sanayankhe zambiri, anangoti vuto ndi nthawi, m'mawa sipakhala mpata wokoleza moto. Nde tinagwirizana zoti Lamulungu madzulo azikazingiratu mtedza wa sabata yonse nkusunga mu botolo lotseka bwino, mazira awiri atatu aziwiritsiratu usiku pamene akuphika nsima moto usanazime. Thumba la mtedza limene amayi anatitumizira kuchokera kumudzi mwezi wa Juni linali lili pakona pa khitchini chimangire, tinalimasula usiku womwewo nkukhala pa mkeka ndi tochi ya foni tikuswa ndi kusankha, mwana uja naye anakhala nafe akutaya wakuda mu kachitini, ndipo pofika nthawi yogona anali akufunsa ngati angatengeko wambiri kuti akagawireko mnzake amene amakhala naye desiki imodzi.